Msana wa Amayi ku Hado

Hado, Jeju
9 Malichi 1988

Okondedwa achemwali a Myong-ok,

Ndikhulupirira muli bwino ku Osaka kumeneko. Kuno tadzuka, kungoti mphepo ya chaka chino yatikwana. Mlamu wanu Sun-dok akupereka moni, ana nawonso.

Ndalemba chifukwa cha amayi. Msana uja wafika poipa. M'mawa kuti adzuke amayamba agubudukira chammbali, n'kugwira khoma, n'kumakwera nalo pang'onopang'ono. Mwezi watha ndinapita nawo kuchipatala m'tauni. Anawajambula, dokotala n'kutionetsa kuti mafupa a m'munsi aperepeseka, akukhuzana okhaokha. Anapereka mapiritsi, nati asiye kunyamula zolemera. Amayi anangoseka. Anati, "Adokotala, ndiye nkhono zija zizikwera zokha kumtunda?"

Mapiritsiwo akuti ndi ofooka. Abwerera ku ufa wawo uja wa m'timapepala, umene amayi onse olowa pansi pa nyanja amamwa asanavale zovala zamphira. Kale ankamwa kapepala kamodzi chifukwa cha mutu. Pano sindikudziwa kuti ndi tingati. Akamwa amalowa m'madzi ngati mtsikana, ndipo mpaka lero palibe amene amafika pakuya pamene iwo amafika, ngakhale zaka zawo zadutsa makumi asanu ndi limodzi. Nkhondo imayamba akatuluka.

Musavutike kuimba lamya, makutu awo anatha ndi madzi, sangakumveni.

Dokotala akufuna tibwererenso mwezi wamawa. Komanso mitengo ya manachesi munatigulira ija yafika nthawi yopopera. Ngati pali kangachepe, tithandizeni.

Ine mlongo wanu,
Du-man


Ikuno, Osaka
27 Malichi 1988

Du-man mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi onse a pakhomo. Kalata yako ndailandira, ndipo ndaiwerenga kawiri chifukwa koyamba maso anali atachita chidima ndi fungo la guluu. Ntchito ndi yomwe ija, kumata masilipasi kuyambira m'mawa mpaka dzanja litakana.

Mvera kuno. Ufawo ndikuudziwa, mapiritsinso ndikuwadziwa. Ine kampando kamene ndimakhalira kufakitale n'kakafupi, ndipo zaka zapitazo msana unandigwira mpaka ndinkavala nsapato nditakhala pansi. Ndinamwa mapiritsi mpaka m'mimba munayamba kutentha ngati ndameza khala. Ululu unkangogona, m'mawa n'kudzuka nane limodzi. Mnzanga wina ndiye anandiperekeza kwa bambo wina wowongola msana. Anandigoneka pa kabedi kopapatiza, kundipinda mwendo, kundikankha, msana n'kulira ngati nsungwi youma. Ndinabwerera kunyumba nditawongoka. Sindinachire, koma ndimapitako mwezi ndi mwezi ndipo mapiritsi ndinawasiya.

Ndafunsa anthu akwathu kuno. Akuti m'tauni, kuseri kwa msika waukulu, kuli wowongola msana, bambo Jwa, amene kale ankachita masewera olimbana a judo, ndipo manja awo ndi odziwika. Upite nawo amayi kumeneko. Ndalama ndatumizazi ndi za zimenezo. Mitengo iyambe yadikira.

Ukudziwa kuti ndikanatha ndikanabwera ndekha. Ndinalowa m'dziko muno mobisala pansi pa bwato, mapepala ndilibe, ndipo tsiku limene ndidzatuluke sadzandilolanso kulowa. Ndiye manja anga ndiwe.

Koma tandiuza chinthu chimodzi. Amayi sapita okha ku sitolo ya mankhwala ku Sehwa. Amawagulira ufawo ndani?

Ine chemwali wako,
Myong-ok


Hado
8 Meyi 1988

Achemwali,

Moni. Kalata ndi ndalama zinafika. Tachita zimene munalamula.

A Jwa anuwo tinawapeza. Ali m'chipinda chapamwamba, masitepe ake othina moti amayi ndinachita kuwabereka. Munthu wake ndi wamfupi, wadazi, manja ngati nkhafi. Anawagoneka chafufumimba n'kumayendetsa chala mumsana. Kenako anati, "Amayi, msana uwu mwausenzetsa nyanja yonse."

Amayi anati, "Nanga ndikanasenzetsa wa yani? Amuna anga anapita nawo wawo kumanda."

Anawatembenuza chammbali, kuwapinda, n'kukankha. Kunangomveka kuti thyo! Amayi anakuwa, n'kutukwana mawu amene sindingalembe pano. A Jwa anati tizibwera tsiku lililonse la msika kwa miyezi itatu, ndipo nthawi yonseyo ufa ayi, nyanjanso ayi.

Tinabwerera pa basi. Kutacha analephera kudzuka, mawa lakenso chimodzimodzi. Ndipo inali sabata imene anatsegula nyanja kuti anthu adule ndere. Chikwatiwire m'mudzi muno sanajombepo tsiku lotsegula. Anagona choyang'ana kukhoma, anzawo akudutsa kuseri kwa mpanda ndi maukonde. Phala anakana. Chimene ananena n'chakuti, "Mwana wanga wa ku Osaka wanditumiza kwa munthu kuti akandithyole."

Atayamba kupezako bwino anamwa ufa wawo n'kutsikira kunyanja. Sindinawaletse, ndipo kwa a Jwa sindipita nawonso. Inu muli kutali, mumalamula ndi cholembera. Wobereka pa masitepe ndine.

Ndalama zotsala ndagulira mankhwala opopera mitengo, musadzadabwe.

Funso lanu lomaliza lija Sun-dok analiona, poti makalata anu timawerengera limodzi. Anatuluka kukadyetsa nkhumba.

Du-man


Ikuno, Osaka
2 Juni 1988

Mlamu Sun-dok,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Ino ndalembera inu, poti amuna anu akuzemba funso langa.

Lamulungu lapitali ndinakumana ndi make Chun-bae pamsika wa anthu akwathu, abwera kudzaona mwana wawo. Sindinawafunse zambiri, anayamba okha. Akuti ku sitolo ya mankhwala ku Sehwa amakudziwani bwino, mumagula ufa wa bokosi lathunthu. Akutinso m'mawa uliwonse wolowa m'madzi ndinu amene mumawatsegulira amayi kapepala, n'kuwapatsa madzi omwera.

Ndayesa kupeza chifukwa china, sindikuchipeza. Ndikudziwa kuti ukonde wa amayi ndi umene umalemera kuposa onse ku Hado, ndipo ndikudziwa nyumba imene imadya ukondewo. Koma munthu uja si ng'ombe yoti muziimwetsa mankhwala kuti ilime mpaka igwere mumzere. Anabereka amuna anuwo.

Za kupweteka pambuyo powongola ndafunsa bambo amene amandithandiza kuno. Akuti koyamba zimatero, makamaka kwa munthu wamkulu. Munasiya msanga. Mukanapirira sabata ziwiri zokha bwenzi pano tikunena zina.

Sindigona bwino masiku ano. Ndikatseka maso ndimaona choyandamitsa chawo chija amakolekapo ukonde chili chokha pamadzi. Ndiyankheni, ngakhale mawu awiri.

Myong-ok


Ikuno, Osaka
30 Julayi 1988

Du-man,

Moni. Kodi kwagwanji? Miyezi iwiri popanda kalata. Ndinaimba lamya kwa a sitolo, mwana amene anayankha anati akakuitana, ndinadikira mpaka makobidi anandithera. Ngati mlamu wakwiya, akwiye, koma iwe undiuze za amayi. Ndatumiza pang'ono, ntchito yachepa chifukwa cha kutentha.

Myong-ok


Hado
11 Sepitembala 1988

Alamu,

Moni. Ana ali bwino. Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiye mupirire ndi kalembedwe kanga. Kalata yanu ndinailandira kalekale. Ndinaiika pansi pa mtsuko wa mpunga kuti mtima uyambe watsika, kenako kunagwa zimene ndikuuzenizi.

Make Chun-bae sananame. Ufa ndimagula ndine. Chaka chatha ndinakana kuwagulira, ndiye ankapempha kwa anzawo pamoto paja timavulira zamphira. Uyu awapatsa kamodzi, uyo kamodzi, wina osadziwa kuti mnzake wapereka kale. Ndinaona kuti bola ndizisunga ndine m'thumba mwanga, ndiziwapatsa kamodzi basi. Ndinkayesa ndachenjera. Kani ankapemphabe ine ndikatembenuka.

Za ukonde munanenazo. Alamu, zaka ziwiri tsopano sindinapite pakuya panga. Ndimasambira pambali pawo, iwo akalowa ine ndimadikira pamwamba mpaka ndimve mluzu wawo wopumira, ndiye n'kulowa ine. Tikafika kumiyala ndimakweza ukonde wawo, n'kubwerera kukatenga wanga. Wangawo masiku ano umakhala theka. Msana wanga nawonso ndi wa munthu.

Kumapeto kwa Juni tinali pa nkhono zaminga. Amayi anatulukira, n'kukumbatira choyandamitsa, koma mluzu sunamveke. Ndinati, "Amayi!" Sanacheuke. Nditafika ndinaona akusanza zakuda bii, kenako magazi enieni, madzi onse pozungulira n'kufiira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usakuwe, uchititsa manyazi." Ndinakuwa. Tinawakoka anthu anayi mpaka kumtunda, galimoto yonyamula nkhono ndi imene inawatengera kuchipatala.

Anawaika magazi. Dokotala anati ufa uja waboola chilonda m'mimba, ndipo akadzamwanso tisadzavutike kubwera nawo. Ngakhale mapiritsi ake oyamba aja anawachotsa, n'kupereka ena ofooka kwambiri. Amuna anga anati tisakulembereni, mungodwala ndi maganizo pomwe palibe chimene mungachite. Ine ndikuona kuti ankachitanso manyazi. Kalata ino sakuidziwa.

Titabwerera kunyumba ndiye tinaudziwa msanawo mmene ulili popanda ufa. Ankaluma thaulo kuti ana asamve. Tsiku lina mu Ogasiti ndikuwasambitsa anati, "Iwe, wadazi uja akadalipo?" Ndinati alipo. Anati, "Tiye. Akandithyola bola ndikhala ndi womutukwana."

Ulendo uno a Jwa sanakankhe. Atamva zonse anapepesa, anati tsiku lija anafulumira, anayesa thupi lawo ndi lolimba monga pakamwa pawo. Pano amawaika nsalu zotentha, n'kumasisita pang'onopang'ono, n'kumakoka miyendo. Anatiuza poyera kuti mafupa operepeseka sameranso, iwo angangomasula pomangika. Akachoka kumeneko amagona tulo, ndipo amayenda mpaka pachipata osagwira mpanda. Zimakhala masiku awiri kapena atatu, kenako tibwerere. Basi ija nayo imagwedeza, theka la zimene a Jwa akonza limathera mumsewu.

Wopita nawo ndine, ndipo tsiku limenelo nyanja imandidutsa. Amuna anga ali kumunda, sanganyamuke. Ndatopa, alamu. Sikuti ndikudandaula, ndikungokuuzani poti munati ndikuyankheni.

Ine mlamu wanu,
Sun-dok


Ikuno, Osaka
29 Sepitembala 1988

Mlamu Sun-dok, ndi iwe Du-man,

Moni nonse. Ino muwerengere limodzi monga mumachitira.

Mlamu, kalata yanu ndinaitsegulira kuntchito. Nditamaliza ndinapeza guluu waumira pa burashi, abwana akundiyang'ana. Mawu ndinakulemberani aja ndi oipa. Ndinamva za pamsika n'kukuweruzani ndili kutsidya kwa nyanja. Pepani. Sindikudziwa mawu ena oposa amenewa.

Du-man, usamukalipire mkazi wako chifukwa chondiuza. Amayi akanafa mu Juni, ine bwenzi ndikumata masilipasi mpaka Sepitembala osadziwa. Ukanandiuza liti?

Ndayendayenda kufunsa ngati amayi angabwere kuno kwa bambo amene amandithandiza. Akuti pamafunika wachibale wa mapepala woti awaitane, ndipo ine kuboma kuno kulibe dzina langa. Nanga pa bwato angakhale bwanji ndi msana umenewo? Ndinangodzinamiza. Ndiponso ndaona kuti sikuti ndinkafuna bambo wakunoyu kwenikweni. Ndinkafuna kuwaona.

Ndiye ndaganiza chonchi. Chaka chatsopano chikadutsa ndikadzipereka ndekha ku ofesi ya olowa ndi otuluka. Akuti ukapita wekha amakufunsa mafunso, nthawi zina amakusunga pang'ono, kenako amakutumiza kwanu. Ndizidzapita nawo ndine kwa a Jwa, mlamu abwerere pakuya pake. Zaka zadutsa khumi ndi zisanu ndili m'kachipinda kano, ndipo katundu wanga yense angakwane m'masutikesi awiri.

Amayi musawauze kaye.

Myong-ok


Hado
16 Okutobala 1988

Achemwali,

Moni. Amayi ali chimodzimodzi, sakuipira, sakuchira.

Za kalata ija ndalankhula kale ndi Sun-dok, zatha. Koma zobwerazo taganizaninso. Namondwe wa mwezi watha wagwetsa zipatso zambiri, zotsalazo zili ndi mabala, ogula akuzinyoza. Kuchipatala sitinamalize kulipira. Mwana wamkulu uja alowa sekondale chaka chamawa. Ukonde wa amayi kulibe, wa Sun-dok ndi theka. Chimene chaimitsa nyumba ino ndi envelopu yanu, ngakhale zimandiwawa kulemba zimenezi ine mwamuna wamkulu.

Mukabwera mudzagwira chiyani? M'nyanja munachoka muli mtsikana, mpweya uja unatha. Msana wanunso mukuti ndi wodwala. Tidzakhala ndi odwala awiri ndi a Jwa amodzi oti tiziwalipira kawiri.

Poyamba munati ufa ayi, manja ndiwo abwino. Chabwino, tili ku manja. Koma manjawo sagwira ulere, basinso sikwereka ulere. Amayi akufunika ndalama ya a Jwa, osati munthu wina wodzalira pambali pawo. Olira tilipo kale.

Mukhululuke ngati ndalankhula mopyola. Ndalemba nditachoka kotola zipatso zowola.

Du-man


Hado
4 Disembala 1988

Myong-ok,

Ndine amako. Akulemba ndi Sun-dok, ndamuuza alembe mmene ndikunenera, asakometse.

Uli bwanji? Ukudya? Pa chithunzi unatumiza chija khosi lako latalika.

Akuti usandiuze, usandiuze. Ndine wogontha, sindine chitsiru. Mlongo wako akalandira kalata yako amatafuna mpunga ngati muli mchenga. Ndinamupanikiza mkazi wakeyu mpaka ananena zonse.

Chaka chonse mwakhala mukukangana za msana wanga, wina ufa, wina mapiritsi, wina wadazi. Palibe anandifunsa mwini wake. Ndiye imva. Ufa uja unkandipatsa nyanja, n'kumandidya m'mimba. Ndinkadziwa. Chimbudzi chinayamba kuda kalekale, sindinauze munthu. Wadaziyu amandipatsa bwalo la nyumba ndi njira yofika pachipata, koma nyanja sangandipatse, ananena yekha. Mapiritsi a dokotala ali ngati kunong'oneza munthu wogontha. Zonsezi ndazilawa ndi thupi langa, inu mwazilawa ndi pakamwa.

Ndasankha. Lamba wanga wa mtovu wolowera pansi pa madzi ndamupatsa Sun-dok, ndipo ndamulozera miyala yanga ya pakuya imene sindinauzepo munthu. (Alamu, n'zoona, anandiuza akulira, koma akuti ndisalembe zoti analira.) Mwezi watha madzi ataphwa ndinatsikira ku nyanja ya agogo, kosaya kuja timasiyira okalamba. Madzi olekeza m'chiuno. Ine! Make Chun-bae anati, "Takulandirani, achemwali, kuno n'kofunda." Ndinafuna kumuponyera nkhono. Ndinatola zokwana msuzi wa tsiku limodzi, n'kubwerera ndi ndodo.

Kwa wadazi ndizipitabe. Ndikuuze chifukwa chake, usaseke. Chimwalirire abambo ako, msana uwu wanyamula madzi, nkhuni, ndere, inu awiri, koma palibe anaugwirapo ndi manja ofunda n'kufunsa kuti apa pakupweteka? Munthu uja amafunsa. Amalipiritsa, koma amafunsa.

Za kubwera kwako. Sindikuuza kuti bwera, sindikuuza kuti usabwere. Tsiku unachoka lija ndinakuuza ndine kuti pita, kuno kulibe chako, ndipo unapita. Ndikati bwera n'kudzavutika kuno, mlandu ukhalanso wa pakamwa panga. Mlongo wako sananame za ndalama. Koma asakuopseze, nyumba ino inadyapo mbatata yokha zaka zambiri ndipo palibe anafa. Wakula, ganiza wekha.

Kuno kwayamba kuzizira. Uzivala zamkati zochindikala.

Amako


Hado
14 Meyi 1989

Du-man mlongo wanga,

Moni ku Busan kumeneko. Kalata yako yafika dzana. Ndamva kuti kudoko akukusenzetsa mabokosi a nsomba zouma ndi madzi oundana. Uzipinda mawondo ponyamula, usamawerame. M'nyumba ino odwala msana akwana.

Tinaonana masiku ochepa iwe usananyamuke, ndipo sitinayankhulane bwino. Unkandiyang'ana ngati ndine ndakuthamangitsa pakhomo pako. Mwina n'zoona. Envelopu itasiya kubwera, wina anayenera kupita kukaitumiza, ndipo wapita ndiwe. Sindikupepesa chifukwa chobwera, koma ndikudziwa amene walipira.

Wafunsa nkhani, ndiye nazi. Mitengo yachita maluwa bwino, fungo lake likufika mpaka kumsewu. Tinapopera ine ndi ana. Sun-dok wabwerera pakuya, ndipo sabata yatha ukonde wake anachita kuthandizana anthu awiri kuukweza. Akafika kunyumba amadya n'kugona pomwepo atatsamira khoma. Ine ndikuzula adyo m'minda ya anthu. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo pofika madzulo ndimayenda ngati amayi.

Amayi ali mmene unawasiyira. Masiku ena amatsikira ku nyanja ya agogo, masiku ena safika ndi pachipata pomwe. Tsiku lina ndikuyanika zofunda ndinapeza kapepala kamodzi ka ufa uja m'kati mwa pilo. Ndinawaonetsa. Anati, "Bwezera pomwepo. Sindimwa. Ndimangofuna ndizidziwa kuti kalipo." Ndinabwezera. M'mawa uliwonse ndimapapasa pilo, kakadalipo.

Sabata yatha kunagwa mvula masiku atatu, msana n'kuwagwira koopsa. Ulendo wa basi sukanatheka. Ndinayesa kuwasisita monga amachitira a Jwa, anati manja anga ndi ozizira ngati nsomba. Ndinawaika nsalu zotentha, osathandiza. Pamapeto pake ine amene ndinkakulembera kuti mapiritsi ayi, ndinawamwetsa a dokotala aja ndi dzanja langa, n'kukhala pambali kudikira kuti agwire. Uli kutali chilichonse chimaoneka chapafupi kusankha. Pano ndimangoona chimene chingatifikitse madzulo.

A Jwa akweza mtengo pang'ono kuyambira mwezi uno. Dokotala naye akufuna awaonenso m'mimba mu Juni. Sindinaganizepo kuti ndidzakulembera mawu awa, koma ngati pali kangachepe, tithandize.

Dzulo linali tsiku la msika, tinapita. Pa masitepe paja ndimawabereka ndine, timapuma kawiri tisanafike pamwamba. A Jwa atamaliza anandiyang'ana mmene ndinaimira, nati, "Nanunso gonani apa." Ndinati ndalama ndi ya munthu mmodzi. Amayi anamva, sindikudziwa ndi khutu liti. Anati, "Musiyeni, ndi wouma mutu ngati bambo ake." Titatsika anagula mabanzi awiri otentha a nyemba, n'kundipatsa lalikulu.

Pobwerera basi inadzaza, tinapeza malo kumbuyo kwenikweni kogwedeza. Tisanatuluke m'tauni anali atagona, mutu uli paphewa panga, banzi lawo lolumidwa kamodzi lili m'manja. Ndi opepuka, Du-man, sindinkadziwa kuti anachepa chonchi. Ndinakhala mopendekeka, msana unayamba kundibaya, mwendo n'kuchita dzanzi mpaka kuphazi. Ndikanasuntha pang'ono akanadzuka. Sindinasunthe mpaka ku Hado.

Ana akupereka moni. Ulembe msanga, amayi amafunsa tsiku lililonse ngati wapositi wadutsa.

Ine chemwali wako,
Myong-ok